Nkhata ya Maluwa ya ku Morishasi

Tendai ndi Maiko, ana anga, chithunzi chija nonse munachiona, ndipo pakomboni ya kwathu ku Glendale sindikhulupirira ngati alipo wamaso amene sanachione. Amayi anu ali ndi nkhata ya maluwa m'khosi, diresi lowala, mano onse pamtunda, tsiku limene agogo anu aamuna ankalowa m'manda. Simunandifunsepo, ndipo ulemu wanuwo ndimauthokoza. Koma adzukulu anga adzazimva kwa anthu ena amene adzathirako mchere wawo, ndiye ndati ndilembe ndekha mmene zinayendera. Ndiyambira pamene ndinayambira ntchito, chifukwa za chilumba chija simungazimvetse musanadziwe kumene ine ndi Dona tinachokera.

1978

Ntchito yanga yoyamba inali ya kugiledi, kusankha masamba a fodya, pa pulazi yomwe ndinabadwira. Simbi, chitsulo choitanira antchito, ikangolira tinkathamanga ndi mbatata m'manja, chifukwa folomani ankatseka chitseko ndipo wochedwa tsiku lake linkapita pachabe. Mwini pulaziyo anali mzungu wamtali amene pakomboni tinkamutcha Mandevu. Anali waphokoso, wotukwana m'Chishona chokhotakhota, koma pa Khirisimasi ankapha ng'ombe n'kubwera ndi kamera yake kudzaonera gule. Ababa, a Mbewe, ndiwo ankayendetsa thirakitala yake. Anachoka ku Dedza ali mnyamata, wapansi, ndipo pa pulazi imeneyo ndi pamene anamerera imvi. Mandevu ankakonda kuuza alendo ake kuti Mbewe ndi thirakitala n'chinthu chimodzi. Ababa ankaseka, koma kunyumba ankati mzungu ameneyu ngakhale dzina langa loyamba salidziwa.

Ababa anali munthu wa gule, amayi anali a tchalitchi, ndipo m'nyumba mwathu ziwirizi sizinayambanitsepo anthu. Vuto linali kunja. Akuluakulu a tchalitchi chathu anali ndi lamulo lakuti pamaliro a munthu wa kudambwe sapita ndi nyimbo. Kukhala pansi amakhala, kupepesa amapepesa, koma buku satsegula. Ine ndinatsata amayi, ndipo Mulungu anandipatsa mawu, izi ndinena mosadzichepetsa. Ndisanakwatiwe n'komwe ndinali kale woyambitsa nyimbo pakati pa amayi akuluakulu. Panali nyimbo ina ya pamaliro, yoyenda pang'onopang'ono, yonena za munthu wotopa amene akubwerera kwawo. Ndikamaiyeseza kuseri kwa nyumba ndikutsuka mbale, ababa ankasiya kusoka mphasa n'kumamvetsera, nkhope atayang'anitsa kwina ngati sizikuwakhudza. Tsiku lina anandiitana.

"Filesi, ine ndikadzafa anzanga adzavina, zimenezo n'zawo. A tchalitchi sadzabwera ndi buku lawo. Koma iwe ndiwe mwana wanga, palibe angakutseke pakamwa. Udzandiyimbire imeneyo."

Ndinawauza kuti imfa saitana, ndipo anaseka n'kubwerera pa mphasa yawo. Koma ndinavomera, ndipo amayi anali pomwepo akumva.

1985

Chaka chimenechi mtsikana wa m'nyumba ya mzungu anathawa ndi mwamuna wa ku mgodi wa Arcturus, ndipo mkazi wa Mandevu anatuma folomani kuti apeze wina wodziwa kusita. Kusita sindinkadziwa, koma ndinakweza dzanja, chifukwa fumbi la fodya linali litayamba kundikhala pachifuwa. Tsiku loyamba ndinawotcha kolala ya malaya a Mandevu. Dona, mkazi wakeyo, anayang'ana malayawo, anayang'ana ine, kenako anawaponya m'ng'anjo ya madzi otentha n'kunena kuti malayawo sanawakondepo chiyambire. Pakomboni tinkawatcha Nachipewa, chifukwa chipewa chawo cha mlaza sichinkachoka kumutu ngakhale kuli mitambo. Anali mayi wouma pakamwa, wowerenga masupuni, wosadziwa kunena zikomo. Anandiphunzitsa kuphika zachizungu, kuyala bedi, ndi chinthu china chimene sananene ndi pakamwa koma ndinachiphunzira msanga: m'nyumba ya mzungu nkhope ya wantchito imakhala yosekerera. Kaya mwana akutentha thupi kunyumba, kaya mwamuna sanagone pakhomo, ukamva dzina lako umatembenuka mano ali poyera. Ndinazolowera mpaka nkhope inayamba kuchita yokha osandifunsa. M'zaka zimenezo ndinakwatiwa ndi bambo anu, Mkorekore wa ku Guruve amene ankakonza mapampu a madzi, ndipo inu nonse munabadwira m'kanyumba ka kuseri kwa khitchini.

2002 mpaka 2010

Mapulazi atalandidwa, Mandevu ndi Dona anasamukira ku Harare m'kanyumba kochepa, ndipo mwa antchito onse anatenga ine ndekha. Ababa ndi amayi anatsala pakomboni pamodzi ndi mlongo wanga wamng'ono, amalume anu a Lakisoni, akulima maricho, ganyu wa kuno, kwa eni atsopano. Akanapita kuti? Ku Dedza kunalibe amene akanawazindikira. Ku Harare Mandevu anafota. Munthu amene mawu ake ankamveka kudamu anayamba kukhala pakhonde tsiku lonse akuwerenga magalimoto odutsa.

Kenako chinabwera chaka cha njala ya m'masitolo, 2008, pamene mashelefu anali mbee ndipo ndalama zinali mapepala oyatsira moto. Ine ndi Dona tinkaima pamzere umodzi wa buledi, iwo kutsogolo ndi chipewa chawo, ine kumbuyo, ndipo zimene tapeza tinkagawana pakati. M'chaka chomwecho bambo anu anamwalira, ndipo abale awo anati akaikidwe kwawo ku Guruve. Makombi, maminibasi a kuno, sankayenda, mafuta kunalibe. Dona anali ndi chigubu chimodzi cha petulo chimene ankasungira tsiku limene Mandevu angadwale mwadzidzidzi. Sindinawapemphe. Anachitulutsa okha, anathira m'galimoto, n'kuyendetsa okha mpaka ku Guruve, bokosi lili kumbuyo, inu awiri mutapanikizana pambali pake. Titafika anawapatsa mpando, anaukana. Anavula nsapato ndi chipewa chija, n'kukhala pansi pakati pa amayi, miyendo atatambasula, mpaka m'mawa mwake. Anthu a ku Guruve amaikambabe nkhani imeneyi. Ine ndinaisunga mumtima, pakuti maliro n'kulirana.

Mandevu anatsatira patapita zaka ziwiri. Maliro ake anali a theka la tsiku, tiyi ndi mabisiketi, ndipo ndinamva kuti thupi analiwotcha. Ndinanyansidwa, koma ndinati zawo n'zawo. Pamwamba pa kabati ya m'chipinda panabwera kabokosi ka thabwa kofiirira, ndipo ndinkakapukuta fumbi Lachisanu lililonse ndikuganiza kuti muli ndolo ndi mikanda.

2016

Pofika chaka chimenechi Dona anali pa chikuku. Miyendo inali itafa, mtima unkavuta, ndipo dokotala anawaletseratu kukwera ndege. Kuwasambitsa, kuwanyamula kupita kuchimbudzi, kuwatembenuza pabedi, zonse zinali za ine. Mwana wawo yekhayo anali ku Australia. Iyeyo ndi amene analipira ulendo wautali wa pa sitima ya pamadzi, wochokera ku Durban n'kuzungulira zilumba, chifukwa amayi ake ankalira kuti asanafe akaonenso Morishasi, kumene anapita ndi Mandevu atangokwatirana. A sitima anati munthu wa pa chikuku sakwera popanda womusamalira, ndiye ine, Filesi wa kugiledi, ndinapezeka ndikujambulitsa pasipoti. Zaka zonsezo chitupa changa chinkati ndine mlendo, chonsecho mchombo wanga uli ku Glendale, koma malamulo anali atasintha ndipo pasipotiyo inatuluka.

Ndisananyamuke ndinapita kukatsanzika. Ababa anali atagona pamphasa, chifuwa chikulira, koma chifuwa chimenecho chinali chawo cha zaka zambiri ndipo tonse tinali titachizolowera. Anandifunsa ngati n'zoona kuti madziwo alibe tsidya. Ndinati ndikaona ndidzakuuzani. Anati pita ukaone, ife tinaona madamu okha, koma ngongole yanga ija usaiwale. Ndinadziwa kuti akunena nyimbo, ndipo ndinawauza kuti asiye kundiopseza.

Za sitimayo ndikanalemba buku lapadera. Inali komboni yathunthu yoyandama, yokhala ndi masitolo ndi maiwe osambiramo pamwamba pa madzi enanso. Chakudya chinkatayidwa chochuluka moti masiku oyamba ndinkalephera kumeza. Operekera zakudya ambiri anali ana akuda ngati inu, ena a ku Zimbabwe komwe kuno, ndipo mmodzi atandikokera mpando n'kunditcha medemu ndinayang'ana kumbuyo kuti ndione amene akumunena. Dona anali ndi chizolowezi chakuti pa doko lililonse ankajambula chithunzi pa foni yawo n'kutumiza kwa mwana wawo ndi kwa iwe Tendai, kuti muone kuti tili moyo. Foni yanga inali itafa chichokereni ku Durban.

Tili pakati pa nyanja Dona anandifunsa kuti kabokosi kaja ndakaika pati. Ndinati pansi pa bedi langa, kuopa akuba. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti Mandevu sanagonepo pansi pa bedi la munthu moyo wake wonse. Koma abale! Kabokosi kamene ndinapukuta zaka zonsezo, kamene ndinanyamula pamiyendo kuchokera ku Harare mpaka ku Durban, munali phulusa la munthu. Anafotokoza kuti ulendo wonsewu cholinga chake chinali chimenecho, kukamwaza mwamuna wawo m'madzi a ku Morishasi monga anapangana. Ndinakatulutsa nditakulunga manja m'thaulo, n'kukatsekera mu kabati momwe munali majekete oyandamira, ndipo ndinawauza mosabisa kuti akanandiuza ku Harare bwenzi atapeza wina.

Tsiku lofika ku Morishasi

Tinafika m'mawa, mapiri obiriwira akuoneka pawindo. Ndinali nditawasambitsa kale Dona, inenso nditavala diresi la maluwa limene anandigulira tsiku limeneli. Anayatsa foni yawo, imene inakhala yozima masiku amene tinali pakati pa madzi, ndipo inayamba kulira motsatizana osaleka. Anawerenga, anavula magalasi, n'kundiuza kuti ndikhale pansi. Kenako anaimba foni n'kundipatsa. Anali a Lakisoni. Anati ababa anatisiya dzana, ndipo akhala akundifunafuna chiyambire. Thupi linali m'nyumba, kunali kotentha, ndipo anthu a gule anali atasonkhana kale. Anati amayi akana kuti aike ndisanalankhule. Ndikanena kuti ndikubwera, apeza galimoto apititse thupi ku chipatala likadikire mozizira. Ndikanena kuti sindibwera, aika lero lomwe masana.

"Achemwali, tidikire?"

Ndinati andipatse kanthawi. Dona anaitanitsa mkulu wina wa pa sitima, wa yunifolomu yoyera, ndipo mkuluyo anafotokoza mwaulemu ndithu. Pachilumbapo bwalo la ndege lilipo, ndipo mawa lake ndikanatha kuuluka kudzera ku Joni. Koma ine ndikatsika, Dona sangapitirire ndi sitimayo, ndipo womusamalira wina a sitimawo analibe. Ndege sangakwere. Ndiye kuti akanatsala pachilumbapo, m'nyumba ya odwala, pakati pa anthu osawadziwa, kudikira kuti mwana wawo adzapeze njira yowabwezera kwawo. Mkuluyo anatuluka. Kenako Dona anati, "Pita, Filesi. Ndi abambo ako." Ananena ndi mawu awo ouma aja, koma pansi pa chikuku ndinaona kuti adzinyowetsa.

Musaganize kuti ndinayeza bwinobwino ngati woweruza. M'mutu munali phokoso. Ndinaona ababa pamphasa akusiya kusoka kuti amvetsere. Ndinaonanso mapazi oyera a mayi ameneyu pa fumbi la ku Guruve. Wina anali atapita kale, wina anali pamaso panga atanyowa, akudikira kuti ndimusinthe. Ndinatenga foni n'kuuza a Lakisoni kuti ikani, musandidikire. Anafunsa kawiri ngati amva bwino. Kenako anafunsa kuti nanga nyimbo ija, ndipo ndisanayankhe anadula.

Kwathu mwana wamkazi akamva uthenga wotere amavula nsapato, amamanga duku ndi chitenje, amakhala pansi n'kulira mokweza kuti anzake amve abwere. Ine ndinasintha Dona, ndinapukuta chikuku, ndinatenga Mandevu mu kabati n'kumuika m'chikwama. Anandifunsa ngati tisiye zotsika. Ndinati galimoto munalipira kale, ndipo sitima mawa ichoka, tiyeni tikamalize zimene tinadzera. Diresi lija sindinaganize n'komwe zolivula.

Potsika pa sitima panali atsikana ovala masiketi aakulu akuvina, ng'oma zikulira, ndipo aliyense wotsika ankamuveka nkhata ya maluwa m'khosi. Kwathu nkhata timaika pamanda. Ndinafuna kukana, koma manja anga onse anali pa chikuku potsetsereka, ndipo mtsikanayo anali atandiveka kale. Dalaivala amene anadzatitenga, bambo wachimwenye wa imvi, anatenga foni ya Dona kuti atijambule monga amachitira ndi alendo onse. Anakweza dzanja n'kutiuza kuti tisekerere. Ndipo nkhope yanga, imene inaphunzira ntchito yake mu 1985, inasekerera. Sindinaitume. Chithunzi chimene munachiona n'chimenecho.

Koma sindikufuna kudziyeretsa ndi nkhope yokhayo, chifukwa tsikulo linali lalitali ndipo chilumbacho n'chokongola, ndisaname. Tinadutsa m'minda ya nzimbe yofika mpaka m'munsi mwa mapiri, ndipo dalaivala anati agogo ake anabwera pa sitima kuchokera ku India kudzadula nzimbe zimenezo ndipo sanabwererenso. Ndinamuuza kuti ababa anga anabwera wapansi kudzalima fodya. Sindinamuuze kuti akuikidwa lero. Anatiimika pamalo pamene dothi lili ndi mitundu yosiyanasiyana, lofiira, lachikasu, lina ngati la buluu, ndipo ndinaima n'kumadabwa ngati mwana. Pafupi pomwepo panali afulu aakulu moti munthu akhoza kukhalapo ngati pa mtondo wovundikira. Mmodzi anatambasula khosi n'kulanda tsamba m'manja mwa Dona pamodzi ndi mpango wawo, ndipo ine ndinaseka. Kumeneko kunali kuseka kwanga kwenikweni, kochokera m'mimba. Dalaivala anatigulira chinanazi chothira tsabola ndi mchere, ndipo ndinadya chonse, chinakoma. Ndikutafuna chomaliza m'pamene ndinayang'ana dzuwa n'kuzindikira kuti kwathu nthawi imeneyo anyamata ali kumanda akukwirira. Mpaka lero sindidya chinanazi, ndipo mwakhala mukuganiza kuti ndi mano.

Pamalo a afuluwo m'pamene Dona anatumiza chithunzi chija. Anandiuza pambuyo pake kuti ankafuna kuti iwe Tendai uone kuti amayi ako alimba mtima ndipo sali okha. Analibe choipa mumtima. Sanadziwe kuti pamaliro foni siikhala ya munthu mmodzi.

Dzuwa litapendeka tinafika pagombe limene ankalifuna. Hotela imene anagonamo kale inali itagwetsedwa, koma anazindikira mwala wina wakuda wolowa m'madzi. Chikuku chinakana kuyenda pamchenga, ndiye ine ndi dalaivala tinawanyamula mpaka pamene mafunde amathera. Kupitirira apo sakanatha. Anandipatsa kabokosi kaja. Ndinavula nsapato, ndinakwinya diresi, n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo. Phulusa la munthu si la nkhuni, ana anga, ndi lolemera ndipo muli timiyala. Mphepo inabweza lina n'kundimwaza pa diresi ndi pa maluwa a m'khosi aja. Nditatembenuka ndinaona Dona ali okhaokha pamchenga, chipewa chili pamiyendo, popanda mbusa, popanda mbale, dalaivala ataima patali akuyang'ana pansi.

"Filesi, imba kanthu. Asapite chonchi."

Munthu sapita ngati galu, ngakhale Mandevu. Ndinafunsa dalaivala kuti ku Zimbabwe n'kuti, ndipo analoza kumene dzuwa linkalowera. Ndinayang'ana kumeneko n'kutsegula pakamwa, ndipo imene inatuluka ndi nyimbo ya ababa. Ndinaiyimba yonse, ndime zonse, ndi mawu amene sindinaimbepo nawo chiyambire, misozi ikugwera m'madzi. Mumtima ndinkati ndikuyimbira a Mbewe, mphepo iwafikitsira. Koma kabokosi kamene kanali m'manja mwanga kanali ka Mandevu, ndipo amene ananena zikomo pomaliza anali mkazi wa Mandevu. Aka kanali koyamba kumva mawu amenewo pakamwa pawo.

Kubwerera

Sitima inapitiriza ulendo wake, ndipo zilumba zina zonse ndinaziona ngati munthu wodwala malungo. Tinafika ku Harare patapita masabata. Ndinapeza mayi wina wa ku tchalitchi kuti akhale ndi Dona, ndipo ndinakwera kombi ya ku Glendale. Iwe Tendai unali utandiuza kale pafoni, ukulira, kuti chithunzicho chinafika anthu atangobwera kumanda, akusamba m'manja. Unachitsegula osadziwa, mayi amene anali pambali pako anasuzumira, ndipo foni inayenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa amuna. Sindinakuimbepo mlandu, ndipo usadziimbe.

Nditatsika pamsewu ndinayamba kulira monga mwa mwambo, kuyambira pa mlatho mpaka pakomboni. Mwa masiku onse amayi amatuluka kudzakulandira ndi kulira kwawo. Tsiku limenelo anatuluka awiri okha. Ena anaima pamakomo atapinda manja, ndipo ndinamva wina akuuza mnzake m'Chishona kuti wa maluwa uja wafika. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Amalume anu anali pakhonde. Ndinagwada kuti ndiwapepese, ndipo anandiuza kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndibwerere kwa azungu anga amene ndinasankha. Ndinapsa mtima, mukundidziwa. Ndinawafunsa kuti pamene ankadya ufa umene ndinkatumiza m'chaka cha njala ankaganiza kuti ukuchokera kwa yani. Mawu amenewo sanayenera kutuluka pa tsiku lotero, ndipo ndi amene anatseka chitseko chimene mukuchiona chotseka mpaka lero.

Amayi anali kuseri kwa nyumba, pamene ndinkatsukira mbale kale. Onse a pabanja anali atameta tsiku lotsatira maliro, ndipo tsitsi lawo linali litayamba kale kumera. Ine ndekha ndinali ndi tsitsi la ku saluni ya ku Harare. Sanandikalipire. Anatuma mwana kukagula lezala, anandikhazika pansi pakati pa miyendo yawo, n'kuyamba kundimeta, anthu akusuzumira kumpanda. Akumeta anandiuza kuti gule anavina bwino, zilombo zinabwera kuchokera m'mapulazi onse ozungulira, fumbi linafika kumsewu. A tchalitchi anabwera, anakhala pansi, buku sanatsegule. Anati bokosi litatsikira m'dzenje anthu anakhala chete kanthawi, chifukwa pakomboni ponse ankadziwa za pangano lija, ndipo ena anayang'ana kunjira ngati mwina nditulukira. Kenako anyamata anayamba kukwirira.

Ndinawafotokozera zonse, za dokotala, za lamulo la sitima, za Guruve. Anamvetsera lezala ikuyenda. Za Guruve anavomereza ndi mutu, anati mayi uja anakhaladi pansi. Ndinafotokoza za phulusa, ndipo dzanja lawo linaima.

"Ndiye mzunguyo anapita wopanda nyimbo?"

Ndikanatha kunama, panalibe mboni. Ndinati ayi, ndinamuyimbira.

"Iti?"

Sindinayankhe, ndipo kusayankhako anakumva. Anapukuta lezala pa chitenje, anandiweramitsa mutu n'kupitiriza kumeta kumbuyo kwa khutu, mofatsa, osandicheka ngakhale pang'ono. Atamaliza anasonkhanitsa tsitsi langa m'manja n'kunena, osakweza mawu, kuti abambo ako anamulimira munthu ameneyu moyo wawo wonse, sindinadziwe kuti ndi nyimbo yomwe adzamupatsa.

M'mawa mwake anandiperekeza kumanda, kuseri kwa damu, pakati pa chimanga cha mwini watsopano. Anandilozera mulu wa dothi lofiira n'kubwerera pang'ono kuti ndikhale ndekha. Ndinagwada, ndinawauza ababa kuti madzi aja tsidya ali nalo, ndinaliona. Kenako ndinakonza kukhosi n'kutsegula pakamwa. Amayi anadikira, ine ndinadikira, koma mawu sanabwere.

Dona ndinawasamalira zaka zina zitatu mpaka anamwalira m'manja mwanga, ndipo m'pamene ndinapuma ntchito. Ku tchalitchi anandipempha kangapo kuti ndibwerere kutsogolo, ndipo ndinkati chifuwa cha fodya chandigwira. Inunso ndinakuuzani zomwezo. Chifuwa ndilibe. Ndikadzafa musadzavutike kufunafuna amene amaidziwa nyimbo imeneyo. Mudzakhale chete kanthawi, kenako anyamata akwirire.